Malasha, dizilo kapena dzuwa: magetsi otchipa ndi ati, ndipo akutisankhira ndani?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Balaka amene ali ndi chigayo cha dizilo. Akuti: "Mafuta akasowa chigayo chimagona, akapezeka phindu lonse limathera pa pampu. A mabungwe akumatiuza kuti tsogolo ndi magetsi a dzuwa, koma nditamva mtengo wa mapanelo oti n'kuyendetsa chigayo ndinangobwerera kunyumba. Azunguwa analemera ndi malasha, lero akutiletsa ife. Sitima za malasha zimadutsa pa Nkaya kupita ku Nacala ife tili mumdima. Chotchipa n'chiti, ndipo akutinamiza ndani?"

Bambo, zikomo chifukwa cha funso lanu. Amene akukuuzani kuti dzuwa ndi lotchipa sakunama, ndipo inu amene munathawa mtengo wa mapanelo simunalakwitse masamu. Nonse mukunena zoona, kungoti aliyense wagwira mwendo wakewake wa ng'ombe imodzi. Pa nkhani ya magetsi, mtengo wa chinthu sudziwika mpaka mutafunsa kuti ndalamayo mulipira liti, mulipira m'makwacha kapena m'madola, ndipo akubwerekani ndani pa chiwongoladzanja chotani. Ndale zonse za nkhaniyi zimabisala m'mafunso amenewa.

Tiyambire pa chigayo chanu chomwecho. Injini ya dizilo simavuta kugula, koma imadya tsiku lililonse ngati mwana wa sukulu yogonera. Lita imodzi ya dizilo mu jenereta yabwino imatulutsa mayunitsi atatu kapena anayi a magetsi basi. Tengani mtengo wa lita lero, mugawe ndi 3 kapena 4, muyerekeze ndi mtengo wa yunitsi imodzi ya ESCOM. Muona nokha chifukwa chake mnzanu wa chigayo cha magetsi amagayitsa chitini pa mtengo wotsika koma n'kumamanga nyumba. Apo sitinawerengere oyilo, mafyuluta ndi makaniko wobwera ndi njinga yamoto injini ikayamba kutsokomola.

Sola ndiye mosiyana. Tsiku limene mukugula mapanelo, mumakhala ngati mwagula mafuta a zaka 20 kapena 25 pa tsiku limodzi. Mukatero dzuwa silidzakutumiziraninso bilu. N'chimodzimodzi kumanga nyumba yanu ndi kukhala ya lendi: aliyense akudziwa kuti kumanga n'kwabwino, koma wa lendi sakhala pa lendi chifukwa cha uchitsiru, alibe poyambira. Ndiye zonse zimatsamira pa ngongole. Onani masamu awa. Mukabwereka K1,000,000 yobweza pa zaka 20 pa chiwongoladzanja cha 4 peresenti, mumabweza pafupifupi K74,000 pa chaka. Ngongole yomweyo pa 12 peresenti, mumabweza pafupifupi K134,000. Panelo ndi lomwelo, dzuwa ndi lomwelo, koma magetsi a wachiwiriyu akwera mtengo pafupifupi kawiri. Ichi n'chifukwa chake dziko ngati Germany, kumene dzuwa limachita kuoneka mwa apo ndi apo, lili ndi mapanelo ochuluka kuposa Africa yense, pamene ife a ku Chikwawa ndi ku Nsanje tikupsa nalo dzuwa popanda phindu. Iwo amabwereka motchipa, ife amatiyesa anthu osabweza ngongole. Mtengo wa panelo lenilenilo unatsika ndi pafupifupi 90 peresenti pakati pa 2010 ndi 2020, makamaka chifukwa cha mafakitale a ku China. Chimene sichinatsike kwa ife ndi mtengo wa ndalama.

Dziko nalo lili ngati mwini chigayo. Mukumbukira 2017, pamene nyanja inatsika, madzi mu Shire n'kuchepa, magetsi n'kumazima tsiku lathunthu? Makina opangira magetsi ndi madzi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira sankatulutsa ngakhale theka la mphamvu zawo. Boma linathamangira majenereta a lendi a kampani ya Aggreko, okwana mamegawati 78 (megawati ndi muyeso wa mphamvu ya makina opangira magetsi), amene anayamba kugwira ntchito mu 2018. Anafika msanga, ndipo kufika msanga ndiko ubwino wokhawo wa dizilo. Yunitsi iliyonse yochokera m'majenereta amenewo inkadula kangapo kuposa ya ku Nkula, ndipo dontho lililonse la mafuta ake linkachokera ku doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, logulidwa ndi madola omwewo amene timafunanso pogula feteleza ndi mankhwala a m'zipatala. Mgwirizanowo unatha mu 2022. Pa dizilo palibe mkangano pakati pa akatswiri: ndiwo magetsi odulitsitsa amene dziko lopanda doko lingasankhe, oyenera kusungidwa ngati tayala lapadera, osati loyendera tsiku ndi tsiku.

Tsopano ndinene chimene a mabungwe aja satchula kawirikawiri. Mavuto a magetsi m'dziko muno safika pachimake masana. Amafika dzuwa likangolowa, kuyambira cha m'ma 5 mpaka cha m'ma 8 koloko madzulo, pamene ku Area 25, ku Ndirande ndi ku Chibavi amayi ateleka nsima pa hotipuleti, ana ayatsa wailesi ya kanema, mababu onse ayaka, ndipo mafakitale ena sanaweruke. Nthawi imeneyo munda wa mapanelo wa kampani ya JCM ku Salima, wa mamegawati 60, umene unatsegulidwa mu 2021, umakhala utagona tulo. Mukaphatikiza usiku, mitambo ya dzinja ndi chiperoni, pa chaka chonse munda wa sola sutulutsa ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene dzina lake likulonjeza. Choncho munthu akamati mamegawati 60 a dzuwa ndi ofanana ndi mamegawati 60 a madzi kapena a malasha, ameneyo akugulitsa malonda. Ku Golomoti, ku Dedza, anayesa kutseka mpata umenewu: munda wa mamegawati 20 unabwera ndi mabatire otha kupereka mamegawati 5 kwa maola awiri. Ndi chiyambi chabwino, ndipo mabatire akutsika mtengo chaka ndi chaka, koma maola awiri si usiku wonse.

Apa ndi pamene ife tili ndi mwayi umene mayiko ambiri alibe, ndipo ndimadabwa kuti sitiukamba mokwanira. Batire lathu lalikulu tili nalo kale: ndi madzi. Makina a madzi amatha kuwonjezera kapena kuchepetsa mphamvu m'mphindi zochepa, pamene ng'anjo ya malasha imafuna maola ambiri kuti itenthe. Masana dzuwa likamagwira ntchito, madzi mukhoza kuwasunga. Dzuwa likalowa mutsegule. Chimene chimatilepheretsa n'chakuti madamu a Nkula ndi Tedzani ndi aang'ono, sasunga madzi ambiri, ndipo chotchinga cha Kamuzu Barrage ku Liwonde, chomangidwa mu 1965, chili kutali moti madzi ake safika tsiku lomwelo mwa kufuna kwanu. Damu la Mpatamanga, limene likukonzedwa pakati pa Tedzani ndi Kapichira, lapangidwira ntchito imeneyi: kusunga madzi masana n'kuwamasula nthawi imene anthu akufunitsitsa magetsi, pa mamegawati opitirira 350. World Bank inavomereza thandizo la madola 350 miliyoni pa ntchitoyi mu 2025. Mwa eni ake a ntchitoyi muli EDF ya ku France ndi TotalEnergies, inde, yomwe ija ya mafuta. Amalonda alibe chipembedzo pa nkhani ya magetsi. Ife ndi amene timakangana ngati ndi za mpingo.

Koma walira mvula walira matope. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, n'kutichotsera pafupifupi mamegawati 130 usiku umodzi, ndipo zinatenga chaka ndi miyezi kuti makina onse abwerere. Ku Zambia chilala cha 2024 chinatsitsa kwambiri madzi m'damu la magetsi la Kariba moti anthu a ku Lusaka ankakhala maola 21 pa tsiku opanda magetsi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pafupifupi magetsi athu onse a madzi ali pa mtsinje umodzi, ndipo Mpatamanga ikuwonjezera pa mtsinje womwewo. Amene amalimbikira malasha amaima pa mfundo imeneyi, ndipo si mfundo yopusa. Malasha sasamala kuti mvula yagwa kapena ayi. Nthawi ya chilala chija, siteshoni ya malasha ya Maamba, ya mamegawati 300, inathandiza kwambiri kuti Zambia asazimiretu, ndipo iwo anayamba kumanga gawo lachiwiri chaka chomwecho. Koma taonani kumene anakapeza ngongole yaikulu: ku NAPSA, thumba la penshoni la anthu a ku Zambia omwe. Mabanki akunja anali atatseka zitseko.

Ifenso tinali ndi loto lathu la malasha, ku Kam'mwamba m'boma la Neno, pafupi ndi njanji imene mukuinenayo. Mamegawati 300, ngongole yochokera ku China, malasha ochokera ku Moatize ku Mozambique. Zaka zoposa khumi zadutsa nkhaniyi ikutuluka m'manyuzipepala ndi m'misonkhano ya ndale, koma chumuni sichinaoneke. World Bank inachepetseratu ngongole za malasha kuyambira 2013, African Development Bank inalengeza mu 2019 kuti ikuchokamo, ndipo mu Seputembala 2021 mtsogoleri wa China Xi Jinping anauza msonkhano wa United Nations kuti China sidzamanganso masiteshoni atsopano a malasha kunja kwa dziko lake. Chitseko chomaliza chinatsekeka pamenepo. Palibe lamulo lotiletsa kumanga siteshoni ya malasha. Chimene palibe ndi wotibwereka ndalama motchipa. Ndipo mwaona kale chimene chiwongoladzanja chimachita pa mtengo wa yunitsi.

Pali china chimene ndikufuna muchiganizire mukamaona sitima zija zikudutsa. Malashawo si athu. Ndi a ku Mozambique, okumbidwa ndi kampani yakunja, ndipo mtengo wake ndi wa m'madola, wotsatira msika wa dziko lonse. Tikanamanga Kam'mwamba, tikanalipira kawiri: ngongole ya siteshoni m'madola, kenako malasha m'madola mwezi uliwonse kwa zaka 30 kapena 40. Malasha athu ali kumpoto, monga ku Mchenga ku Rumphi, koma migodi yake ndi yaing'ono, ndipo kulibe njanji; kuwatuta pa malole kutsika nawo msewu wa M1 kukanadya phindu lonse. Komanso musaganize kuti kukhala ndi malasha ndiye kuti kuzimazima kwatha. Abale athu amene ali ku Joni akhoza kukuuzani: South Africa imapeza pafupifupi 80 peresenti ya magetsi ake ku malasha, koma mu 2023 magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse. Siteshoni ya Medupi anayamba kuimanga mu 2007 n'kudzaimaliza mu 2021, ndalama zitapitirira kutali zimene anakonza. Munda wa sola umamangidwa m'chaka chimodzi kapena ziwiri.

Za chinyengo cha mayiko olemera, pamenepo sindikutsutsani. Britain inayatsa siteshoni yake yoyamba ya malasha mu 1882 ndipo yomaliza inadzatsekedwa mu Seputembala 2024. Zaka 142 akudya, lero akhuta ndiye akutiuza kuti chakudyacho n'choipa. Mu 2022, gasi wa ku Russia atasiya kubwera, Germany inadzutsanso masiteshoni a malasha amene inali itawagoneka, ndipo gasi woyamba wochokera m'nyanja ya kumpoto kwa Mozambique anakwera sitima kupita ku Ulaya chaka chomwecho. Africa yense satulutsa ngakhale 4 peresenti ya utsi umene ukutenthetsa dziko, koma anamondwe Ana ndi Freddy anagwera ife. Malonjezo awo nawo amasintha ndi zisankho zawo: ku Glasgow mu 2021 analonjeza South Africa madola 8.5 biliyoni kuti ichoke pa malasha, ambiri mwa iwo ngongole osati mphatso, ndipo mu 2025 America inatulukamo. Mkwiyo wanu ndi woyenera. Koma mkwiyo si masamu. Tikamanga siteshoni yodula pofuna kuonetsa azungu kuti ifenso tingathe, bilu yake sidzapita ku London, idzabwera pa mita yanu.

Ndale zimene zimatipweteka kwambiri ndi za kwathu konkuno. ESCOM imagulitsa magetsi m'makwacha pa mtengo umene MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, lavomereza, koma makampani a sola imawalipira pa mtengo womangiriridwa ku dola. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi; ngongole ya ESCOM inafufuma pomwepo, koma mtengo wa yunitsi sungakwere tsiku lomwelo, chifukwa palibe wandale amene amafuna kuti magetsi kapena mafuta akwere chisankho chili pafupi. Ndiye timakanikiza mitengo, kampani n'kumalephera kugula matiransifoma ndi mamita, ndipo wobwereketsa wakunja akaona mabuku ake amakweza chiwongoladzanja kapena kufuna kuti boma lisaine chikole. Pa mafuta n'chimodzimodzi: mtengo ukakanikizidwa nthawi yaitali, oitanitsa mafuta amaluza, mizere imayamba, ndipo inu mumakagula dizilo wa m'zigubu pa mtengo woposa umene boma limaopa kulengeza. Mtengo wotsika wa chinthu chimene palibe suthandiza munthu.

Ndinenenso ichi mosabisa. Mafuta amagulidwa mwezi uliwonse, amanyamulidwa mwezi uliwonse, ndipo paliponse pamene pali kugula ndi kunyamula pamakhala wodyapo. Dzuwa silipereka kangachepe kwa munthu. Sindikunena kuti ntchito za sola ndi za angelo, nazonso zili ndi nkhani zake za malo ndi chipukuta misozi cha eni minda, koma mpata wodyera umabwera kamodzi, pomanga. Palinso mfundo ina yoseketsa: ndalama za MAREP, zokokera magetsi kumidzi, mbali ina zimachokera pa msonkho wa pa lita ya mafuta. Ndiye kuti inu mukamagula dizilo wa chigayo, mukulipirira mapolo amene sanafike pa malo panu.

Ndipo pamene tikukangana za malasha ndi dzuwa, mphamvu imene Amalawi ambiri amagwiritsa ntchito si iliyonse mwa ziwirizi. Ndi nkhuni ndi makala. Mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse amaphikira zimenezi, kuphatikizapo a m'tauni amene ali ndi magetsi m'nyumba. Muime pa msewu wa Zalewa m'mawa muone njinga zitasenza matumba atatu atatu, oyendetsa akuzikankha pa chitunda thukuta lili kamukamu. Mitengo imeneyo ikudulidwa m'mapiri a Neno, Mwanza ndi Balaka, mmene mvula imatsetserekera mu Shire. Dothi likakokoloka limakadzaza damu la Nkula, manyowa ake amanenepetsa namasupuni ku Liwonde, zinyalala zimatseka zisefa za makina, ndipo EGENCO, kampani yopanga magetsi, imazimitsa makina kuti ichotse. Magetsi akazima, mayi wa ku Chilomoni amagula thumba lina la makala. Chingwe chake ndi chimenecho. N'chifukwa chake ine, ngakhale anzanga ena a zachilengedwe amakwinya nkhope, ndimavomereza gasi wophikira. Inde ndi wa m'gulu la mafuta okumbidwa pansi ndipo amafuna madola, koma silinda imodzi imapulumutsa mitengo imene ikuteteza magetsi athu otchipitsitsa. Kukana gasi chifukwa cha dzina lake pamene nkhalango ikutha ndi kutsatira mwambo wa eni.

Mukandifunsa kuti dziko lichite chiyani, maganizo anga ndi awa: sola wambiri masana chifukwa amamangidwa msanga ndipo safuna madola ogulira mafuta mwezi ndi mwezi, madzi ndi mabatire madzulo, madamu ena pa mitsinje ya kumpoto kuti tisadalire Shire yekha, ndiponso mawaya otilumikiza ndi anzathu. Nthambo ya magetsi yochokera ku Matambo ku Tete kufika ku Phombeya, kwanu komweko ku Balaka, ndi yofunika kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa imatilowetsa mu msika wa magetsi wa mayiko a kum'mwera kwa Africa: chilala chikatigwira tikhoza kugula, tikakhala ndi otsala tikhoza kugulitsa. Ena mwa magetsi ogulawo adzakhala a malasha a eni ake, ndipo ine sindiona vuto; kugula pa nthawi ya njala n'kosiyana ndi kukwatira ngongole ya zaka 30.

Tibwerere ku chigayo. Ngati mapolo a ESCOM ali pafupi ndipo pali tiransifoma yotha kupereka magetsi a mawaya atatu, mota ya magetsi ndiyo yotchipa kuposa zonse, ngakhale ndi kuzimazima komwe. Injini ya dizilo musaigulitse, ikhale yodikirira. Ngati mapolo ali kutali, musayese kuyendetsa chigayo chachikulu chimene muli nachocho ndi mabatire. Mota ikamadzuka imakoka mphamvu kangapo kuposa imene imadya ikamayenda, ndipo mabatire oti apirire zimenezo ndi amene anakuthamangitsani pa mtengo paja. Njira imene imagwira ndi chigayo chaching'ono chokoka mphamvu mwachindunji ku mapanelo kudzera pa kabokosi kodzutsa mota pang'onopang'ono, popanda batire. Chimagaya kuyambira cha m'ma 9 m'mawa mpaka cha m'ma 3 masana, ndipo chimachedwa poyerekeza ndi cha dizilo, choncho makasitomala ayenera kuzolowera kusiya matumba m'mawa n'kudzatenga ufa masana. Miyezi yokolola, pamene mzere wa zitini umafika kumsewu, dizilo adzafunikabe. Januwale ndi Febuluwale mitambo imachuluka, koma ndi nthawi yomweyonso imene chimanga chimasowa m'nkhokwe.

Musanapite kwa wogulitsa aliyense, tengani kope mulembe kwa miyezi itatu: malita amene mwagula, mtengo wake weniweni kuphatikizapo wa m'zigubu, masiku amene chigayo chagona, ndi zitini zimene mwagaya ola lililonse. Ndalama ya dizilo ya pa mwezi ndiyo muyeso wanu. Ngati kubweza ngongole ya sola pa mwezi kuli pansi pa ndalama imeneyo, ndipo ngongoleyo ikutha m'zaka zitatu kapena zinayi, tengani. Ngati ndi ngongole ya katapila kapena ya banki ya chiwongoladzanja chopitirira 30 peresenti, dikirani, kapena mufunse ogulitsa amene amalola kulipira pang'onopang'ono. Ndipo panelo musagule pa msika chifukwa cha chipepala chomatidwa kumbuyo kwake. Ndinaonapo lolembedwa mawati 300 limene titaliyeza masana dzuwa lili paliwombo silinafike ngakhale 150. Mupite ndi munthu wodziwa amene ali ndi mita yoyezera, ndipo wokuikirani akhale ndi chiphaso cha MERA ndi adiresi imene mungakamupezepo chaka chamawa.